Botolo la uchi lomwe ndajambula kasitomala akuti silikuoneka lenileni

Pensulo_Ndirande
Muli bwanji nonse pagulu pano. Ndili ndi ntchito yomwe yandiimitsa mutu, ndikupempha nzeru zanu. Mayi ena ogulitsa uchi, omwe amakaugula kwa alimi a njuchi ku Mulanje n'kumauthira m'mabotolo kwawo ku Chilomoni, andipatsa ntchito yojambula botolo lawo pa kompyuta. Akufuna chithunzicho chikakhale pa banner yoimika ku Trade Fair ku Chichiri, komanso pa Facebook. Lebulo yatsopano sinasindikizidwe, ndiye palibe choti n'kutola ndi kamera. Anditumizira pa WhatsApp chithunzi chimodzi cha botolo lakale, chojambulidwa usiku, ndi fayilo ya lebulo yatsopanoyo.

Ndajambula mu Photoshop. Mawonekedwe a botolo ali bwino, chivindikiro chilipo, lebulo yakhala pamalo pake. Koma mayiwo ataona angoti, "Achimwene, ichi ndi katuni. Ine ndikufuna munthu akaona afune kutsegula." Ine ndikaliyang'ana ndikuonadi kuti lauma, koma chomwe chikusowa sindikuchigwira. Ndiyambire pati?

KabulaPixel
Botololo muli nalo m'manja?

Pensulo_Ndirande
Ayi achimwene, chithunzi chokhacho basi.

KabulaPixel
Vuto layambira pamenepo. Kwerani minibasi mupite ku Chilomoni mukatenge botolo lodzaza uchi. Zina zonse tikambirana mukabwera nalo.

Gogo_wa_Zikwangwani
Mwana wanga, zomwe anena a KabulaPixel musazitenge ngati nthabwala. Ine ndinayamba ntchito imeneyi ndi burashi ndi penti wa mafuta, kulemba zikwangwani za magolosale ndi malo odyera ku Limbe, kompyuta ndaiphunzira tsitsi litayamba kale kuyera. Nthawi imeneyo munthu akafuna kuti ndimujambulire buledi pakhoma, ndinkagula buledi n'kumuika pa mpando pafupi ndi makwerero. Dzanja limajambula chomwe diso laona. Ngati diso silinaone, dzanja limajambula zomwe mutu ukuganiza, ndipo mutu umanena kuti uchi ndi wachikasu, galasi ndi loyera, mthunzi ndi wakuda. Zitatu zonsezi si zoona.

Mukapeza botololo liikeni pa tebulo pafupi ndi zenera m'mawa, muzimitse babu wa m'nyumba kuti kuwala kuchokere mbali imodzi. Pansi pake muyale pepala loyera. Musagwire kompyuta kaye, mungokhala n'kumayang'ana. Muona kuti mbali yomwe yayang'ana kuzenera ili ndi kamzere koyera kwambiri, kopindika motsatira phewa la botolo, ndipo mukayang'anitsitsa muona zenera lenilenilo ndi zitsulo zake muli m'kamzereko. Koma uchi sukuwala kumbali imeneyo ayi. Ukuwala kumbali inayo, yakutali ndi zenera, chifukwa kuwala kwalowa, kwadutsa mu uchi, n'kukasonkhana potulukira. Anthu ambiri amadetsa mbali imeneyo poganiza kuti ndiye kumthunzi, ndipo uchi umasanduka matope nthawi yomweyo.

Kenako yang'anani pa pepala. Mthunzi wa botolo la uchi uli ndi kuwala kofiirira mkati mwake. Pomwe botolo lakhudza pepala pali kamzere kakang'ono kakuda bii. Kamzere kameneko kakasowa, botolo limaoneka ngati likuyandama m'mwamba.

NaChiperoni
Agogo mwatiphunzitsa tonse apa. Ndiwonjezere chimodzi: galasi lili ndi kunenepa kwake. Uchi sufika m'mphepete mwenimweni pansi pa botolo, pamakhala galasi lochindikala lopanda kanthu, ndipo pakhosi pamakhala mpata pakati pa uchi ndi chivindikiro. Pomwe uchi wathera pamwamba umakwera pang'ono m'mbali mwa galasi. Zinthu zazing'ono ngati zimenezi ndi zomwe diso la munthu wamba limafuna, ngakhale mwini wakeyo sangathe kuzitchula.

Mphwanga3D
Ine sindikumvetsa chifukwa chomwe mukuvutikira ndi burashi mu Photoshop. Botolo ndi chinthu chozungulira, mu Blender, pulogalamu yopangira zinthu za 3D, mumalimanga musanamalize kapu ya tiyi. Mujambule mzere wa mbali imodzi, muuzungulitse ndi Screw modifier, muike Solidify kuti galasi likhale ndi kunenepa. IOR, nambala yosonyeza momwe chinthu chimapindira kuwala, ya galasi ndi pafupifupi 1.5, ya madzi 1.33, ya uchi ili pafupi kwambiri ndi ya galasi, cha m'ma 1.49. Mtundu wa uchi musauike pa khungu lake, muuike mkati ndi Volume Absorption, ndiye pakati pomwe uchi wachuluka paderapo pokha, m'mbali pomwe wachepa pawala pokha. Zonse zomwe agogo afotokoza Cycles, chida cha mu Blender chotulutsa chithunzi, imaziwerengera yokha. Ndipo Blender ndi yaulere, simukuba pulogalamu ya munthu.

Ubwino waukulu ndi uwu: mawa mayiwo akadzati ndikufuna botolo litembenuke pang'ono, kapena mabotolo atatu pamodzi, inu mungosuntha kamera. Wa burashi ayambiranso.

Gogo_wa_Zikwangwani
Imawerengera yokha, inde, koma imawerengera zomwe mwaiuza. Ndaonapo mabotolo a 3D pa zikwangwani za mumsewu wa Chipembere, osalala mopitirira, opanda kachilema ngakhale kamodzi, ndipo munthu umadziwira patali kuti chinthuchi sichinagwiridwepo ndi dzanja. Amene sanaone botolo lenileni alakwitsa mu Blender monga momwe angalakwitsire ndi burashi.

Mphwanga3D
Pamenepo sindikutsutsa agogo. Inenso ndimayeza chinthucho ndi rula ndisanayambe. Ndikungoti chida chilipo.

Pensulo_Ndirande
Blender ndinaiyesako, koma laputopu yanga ndi ya 4GB RAM, yopanda graphics card. Ndikangoyamba render, kutulutsa chithunzi chomaliza, fani imalira mpaka oyandikana nawo nyumba amamva. Galasi limatulukanso lakuda.

Mphwanga3D
Kuda kumeneko si vuto la laputopu. Pitani pa Light Paths mukweze ma bounce a Transmission, chifukwa kuwala kukudutsa galasi, uchi, galasi kachiwiri, ndiye kukutheratu panjira. Onaninso ma normal ngati sanatembenuke. Uchiwo muukulitse pang'ono kuti ulowe m'kati mwa khoma la galasi, kusakhale mpata wa mpweya pakati. Za kuchedwazo, tsitsani ma sample n'kuyatsa Denoise. Chithunzi chimodzi chosayenda laputopu imeneyo ikhoza kuchitulutsa usiku umodzi.

Bangwe_Boy
Usiku umodzi ngati magetsi alipo. Kwathu kuno akazima render ili pa theka, ndiye kuti zonse zapita. Batire ya laputopu yanga inafa kale.

NaChiperoni
Gawani chithunzicho m'zigawo ndi Render Region, chigawo chilichonse chikatha musunge, kenako mulumikize mu Photoshop kapena GIMP. Akazima mwataya chigawo chimodzi chokha.

Bangwe_Boy
Nzeru imeneyo ndaitola. Koma pali amene akudziwa komwe ndingapeze batire yeniyeni mu Limbe? Zomwe ndimaona zambiri zimatupa pakangopita miyezi yochepa.

Zingwangwa_Tech
Tengani laputopuyo popita, aike batire muli pomwepo, muone nambala ya model ngati ikufanana ndi yakaleyo. Musagule ya m'pepala yosayesa. Ndipo kutupako nthawi zambiri ndi kutentha, anthu mumachita render laputopu ili pa bulangete. Ikwezeni pa timatabwa tiwiri kuti mpweya uzidutsa pansi, fumbi la mu fani lichotsedwe, makamaka miyezi ya Okutobala ndi Novembala.

Admin_Gulu
Za mabatire zikhale ndi mutu wake abale. Tibwerere ku uchi wa a Pensulo.

MayiWaKamera
Ine ndikuona kuti nonse mukuzungulira njira yaitali. Achimwene a Pensulo, mwati palibe chotola ndi kamera chifukwa lebulo sinatuluke. Koma botolo lilipo, uchi ulipo. Matulani lebulo yakale ndi madzi ofunda, guluu wotsalira muchotse ndi timafuta tophikira, mutsuke, mupukute bwino. Mulijambule lopanda lebulo pafupi ndi zenera monga anenera agogo. Kuseri kwake muike kapepala koyera kodulidwa mofanana ndi botolo koma kocheperako, kopendekera kuti kabweze kuwala kudutse mu uchi. Kumbali ziwiri, kunja kwa chithunzi, muimike makatoni akuda kuti m'mphepete mwa galasi mukhale timizere takuda tomwe timaonetsa pomwe botolo lathera. Foni muiike pa chinthu chokhazikika, muime patali pang'ono, chifukwa mukayandikira kwambiri botolo limatupa pakati.

Mukatero lebulo yatsopano muikulunge pa botolo mu Photoshop ndi Warp. Muisunge ngati Smart Object kuti mawu akasintha musayambirenso. Malembo a m'mbali apanikizane pang'ono chifukwa pepala likukhotera kumbuyo. Pamwamba pa lebulo muike layer ya mthunzi pa Multiply, ina ya kuwala pa Screen, zonse zitsatire zenera lomwelo. Lebulo ya pepala sinyezimira ngati galasi, kuwala kwake kukhale kofewa. Palibe 3D kapena burashi yomwe ingapose uchi weniweni.

KabulaPixel
Njira imeneyo ndi yabwino pa Facebook. Koma pa banner? Chithunzi cha foni mukachikuza kufika mamita awiri chimasweka.

Pulinta_Ginnery
Pamenepo ndiyankhe ine, poti ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. Anthu ambiri amamva 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse) n'kuganiza kuti ndi lamulo la chilichonse. Imeneyo ndi ya chinthu chogwira m'manja, monga lebulo kapena kabuku. Pepala la A4 pa 300 dpi ndi ma pixel 2480 kwa 3508. Banner yoimika, ija ya masentimita 85 m'lifupi ndi mamita 2 kutalika, munthu amaiona ataima patali, ndiye 100 mpaka 150 dpi imakwana. Ngati botolo likhale lotalika mita imodzi pa banner, pa 100 dpi mukufunika ma pixel pafupifupi 3900 kuchoka pansi kufika pa chivindikiro. Kamera ya foni ya 12 megapixel imatulutsa pafupifupi 4000 kumbali yaitali, ndiye ngati botolo ladzaza chithunzi chonse ndipo kuwala kunali kokwanira, zitheka. Malembo a lebulo okha achokere ku vector kuti akhale akuthwa.

Chomwe chimandipweteka mtima ndi mtundu. Sikirini imagwiritsa ntchito RGB, ndi kuwala. Makina athu ndi inki, CMYK. Mtundu wa lalanje wowala womwe mukuuona pa laputopu inki siufikira, umatuluka wozilala. Ndiye uchi ndi umodzi mwa zinthu zovuta kwambiri. Mukadetsa chikasu ndi black chimapita kobiriwira, uchi n'kuoneka wowonongeka. Malo akuda a uchi muwadetse ndi magenta, apite kofiirira. Muyatse Proof Colors mukugwira ntchito kuti muziona zomwe zikubwera. Ndipo musanalipire banner yonse, pemphani akusindikizireni kachidutswa kakang'ono pa nsalu yomweyo, mukaonetse mayiwo panja padzuwa.

Fayilo musatumize ngati chithunzi pa WhatsApp, imaphwanyidwa. Tumizani ngati document kapena mubwere nayo pa flash.

Chirimba_Fast
Abale, chaka chino mukuvutikabe chonchi? Lembani mawu awiri mu AI, masekondi ochepa botolo la uchi latuluka lokongola kuposa zonsezi. Kasitomala sadziwa n'komwe.

NaChiperoni
Latuluka botolo la uchi, koma la ndani? Mayiwa ali ndi botolo lawo, phewa lake, chivindikiro chake, lebulo yake. Munthu aone pa banner botolo lina, afike pa tebulo apeze lina, mukuganiza kuti agula?

Chirimba_Fast
Mumaipatsa chithunzi cha botololo n'kuiuza kuti itsatire. Zinasintha kale izi achemwali.

KabulaPixel
Imatsatira, koma yang'anitsitsani malembo ang'onoang'ono, nambala ya foni, kulemera kwake, mizere ya pa chivindikiro. Nthawi zambiri imasintha kena kake mwakachetechete, ndipo pa banner ya mamita awiri cholakwikacho chimakula nacho. Ine ndimaigwiritsa ntchito pa zakumbuyo, monga thabwa la tebulo kapena masamba osaoneka bwino patali. Katundu wa kasitomala yekhayo ndimamugwira ndi manja anga.

Chirimba_Fast
Chabwino, koma nthawi ndi ndalama. Kasitomala wa ku Blantyre salipira maola amenewo.

MayiWaKamera
Salipira chifukwa tinamuzoloweza tokha kuti chithunzi ndi chinthu cha mphindi zisanu.

Pensulo_Ndirande
Ndabwerako ku Chilomoni, botolo lili pa tebulo pano. Agogo, zonse zomwe munanena ndaziona ndi maso, mpaka zenera m'kamzere koyera. Muli timathovu ting'onoting'ono tosonkhana pamwamba pafupi ndi khosi, ndipo galasi lili ndi msoko woonda kuchoka pakhosi kufika pansi. Chivindikiro ndi chachitsulo, chagolide, chili ndi kadzimbiri pang'ono m'mphepete.

Koma pabuka nkhani ina. Uchiwu ndi wakuda, wofiirira kwambiri, pafupifupi ngati tiyi wopanda mkaka. Mayiwo akuti pa chithunzi ndiuyeretse ukhale wagolide ngati wa pa intaneti, chifukwa anthu amakonda woterowo. Ndichite?

Gogo_wa_Zikwangwani
Musachite. Muuwalitse ndi kuwala, osati ndi bodza. Uchi wakuda ukauika kuwala kumbuyo umatulutsa kufiira kokongola kwambiri m'mbali, pakati n'kukhalabe wakuda. Kumeneko ndiye kukongola kwake. Mtundu wa uchi umachokera ku maluwa omwe njuchi zinapitako, wa m'nkhalango zathu zachilengedwe nthawi zambiri umakhala woderapo, ndipo ogula odziwa uchi amaufuna womwewo.

Bangwe_Boy
Koma agogo, wolipira ndi kasitomala. Akafuna wagolide mpatseni wagolide. Ife si apolisi a malonda.

NaChiperoni
Ayi achimwene, apa ndikukana. Anthu mu mzinda muno amakayikira kale uchi, aliyense amaopa kugula shuga wosungunula. Ndiye munthu aone wagolide pa banner, m'botolo apeze wakuda, ayamba kufunsa kuti weniweni ndi uti. Amene aluze ndi mayiwo, ndipo adzakumbukira kuti anawajambulira ndani. Ntchito yathu ndi kuwauzanso zimenezi mwaulemu, osati kungoti inde mayi.

A Pensulo, chitani ziwiri zazing'ono, zosamaliza. China chagolide monga akufunira, china cha mtundu weniweni chowalitsidwa kumbuyo. Mupite nazo, muziike pafupi ndi botolo lawo pa tebulo. Musatsutsane nawo pa foni, aone okha.

Bangwe_Boy
Akasankhabe chagolide?

NaChiperoni
Ndiye asankha akudziwa, ndipo a Pensulo aona okha ngati akufuna dzina lawo likhalepo. Koma kadzimbiri ka pa chivindikiro kachotseni, kameneko si mtundu wa katundu, ndi chilema cha chivindikiro chimodzi. Timathovu musiye tochepa. Msoko wa galasi muutembenuzire kumbali, uzioneka pang'ono chabe.

Mphwanga3D
Apa ndi pomwe anthu amasokoneza. Akamva kuti chinthu chenicheni chimakhala ndi zilema, amathira fumbi, zala ndi mikwingwirima paliponse mpaka katundu amaoneka wakale. Pa chakudya samalani. Chala chimodzi pa galasi chikhoza kupangitsa munthu kuganiza za ukhondo. Zomwe zimafunika ndi zija zosanyansa: m'mphepete mosathwa kwambiri, kuwala kosafanana ndendende mbali ziwiri, lebulo yokhala ndi kamthunzi kake kochepa pomwe pepala lathera.

Maselema_Designs
Ndafika mochedwa koma ndifunse: lebuloyo ili ndi chizindikiro cha MBS? Ndikufunsa chifukwa makasitomala ena amati ingoikanipo kuti zioneke zapamwamba. Chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards chimaikidwa pa katundu yemwe bungwelo lamuyeza n'kumuvomereza. Ngati mayiwo alibe satifiketi, musachijambule, ngakhale pa chithunzi cha Facebook.

Pensulo_Ndirande
Palibe chizindikirocho pa fayilo yomwe anandipatsa, ndipo sanatchulepo.

Maselema_Designs
Zili bwino. Nanga munagwirizana zotani pa malipiro? Chifukwa ndikuona ntchito yakula. Poyamba inali kujambula kuchokera pa chithunzi, pano mwakwera minibasi, mukutola zithunzi, mukupanga mitundu iwiri, mupitanso kukayesa kosindikiza.

Pensulo_Ndirande
Tinangogwirizana mtengo pakamwa. Anapereka kangachepe pa Airtel Money kuti ndiyambe.

Maselema_Designs
Lero lomwe alembereni uthenga, ngakhale pa WhatsApp pomwepo, kuti zikhale zolembedwa. Munene chomwe mupereke: chithunzi chimodzi cha botolo, PNG yopanda zakumbuyo ya pa Facebook, ndi fayilo yaikulu ya banner. Munene kuti kusintha ndi kangati mkati mwa mtengowo, kopitirira apo ndi ndalama ina. Ine ndimatenga theka poyamba, theka lotsala ndisanatulutse fayilo yaikulu, ndipo zoonetsa zonse zimapita zazing'ono zili ndi dzina langa pakati. Muneneponso za fayilo ya ma layer, ngati ikupita kwa iwo kapena ikutsala kwa inu, ndi ngati mukuloledwa kuonetsa ntchitoyo kwa makasitomala ena. Lamulo la zaumwini wa ntchito zaluso la 2016 limateteza zojambula, ndipo a bungwe la Copyright Society of Malawi (COSOMA) ndi omwe amayang'anira zimenezi, koma mkangano wa inu ndi kasitomala umaphweka pomwe pali zomwe munalemberana.

Chirimba_Fast
Mukawalembera zonsezo athawa, apita kwa mnyamata wina wotchipa.

MayiWaKamera
Mayi amene amayenda mpaka ku Mulanje kukasankha uchi amadziwa kusiyana kwa katundu wabwino ndi wotchipa. Sathawa chifukwa cha uthenga waulemu.

Mbaula_Art
Ine ntchito yanga inali ya mbaula ya dothi, ija ya Chitetezo, gulu lina la amayi linkafuna chithunzi cha pa kapepala kophunzitsira. Kumeneko kulibe kunyezimira ngakhale pang'ono, ndiye zonse zomwe mukukambazi zinatembenuka. Chomwe chinapangitsa kuti ioneke yeniyeni ndi kusasalala kwa dothi, mabala akuda omwe moto wa mu uvuni umasiya, ndi mwaye pakamwa polowetsera nkhuni. Ndinatola chithunzi cha dothilo pafupi kwambiri n'kuchiyala pamwamba pa zomwe ndinajambula pa Overlay. Amayiwo chomwe anayang'ana poyamba ndi timiyendo tokhazikapo poto, ngati tili pamalo pake. Mwini katundu amayang'ana pomwe iwe sukuganizira. A Pensulo, afunseni mayiwo kuti iwo akamasankha uchi wabwino amaona chiyani, chimenecho ndiye chikhale patsogolo.

Pensulo_Ndirande
Ndawafunsa. Akuti amapendeketsa botolo n'kuona momwe thovu lalikulu likukwerera, likamakwera pang'onopang'ono ndiye kuti uchi ndi wolemera. Ndiye ndaganiza zotsatira njira ya a MayiWaKamera, ndijambule botolo loima la pa banner, ndi lina lopendekeka thovu lili pakati la pa Facebook. Lachiwirilo ndawauza kuti ndi mtengo wapadera ndipo avomera. Za mtundu tikaonera limodzi Loweruka.

Funso lotsala: pa lopendekekalo lebulo ndiikulunge bwanji kuti isaoneke yomata?

MayiWaKamera
Dulani pepala loyera wamba pa muyezo wa lebulo yeniyeni, mulimate pa botolo, mujambule kawiri foni isanasunthe: kamodzi lili ndi pepala, kamodzi lopanda. Pepala loyeralo likupatsani malire enieni oti Warp itsatire, ndi mthunzi weniweni womwe mungauike pa Multiply pamwamba pa lebulo yanu. Ngati mukufuna kuona kupindika bwinobwino, lembani mizere ya mabokosi pa pepala lina ndi rula, mujambulenso kachitatu. Botolo mulitsamiritse pa chinthu cholimba ndi tepi kuseri kuti lisasunthe pochotsa pepala.

Mphwanga3D
Thovulo silidikira, ndiye lijambuleni padera. Sungani botolo pamalo pozizira kaye kuti uchi ulimbe, likwera mochedwa ndipo mupeza mpata. Koma musaliike mu fuliji nthawi yaitali, galasi lichita nthunzi mukalitulutsa ndipo kuzizira kumafulumizitsa uchi kuchita mchenga.

Pulinta_Ginnery
Loweruka popita kwa mayiwo mudzere kosindikiza m'mawa, malo ambiri amatseka masana. Kachidutswa koyesera mudule pomwe pali uchi, lebulo ndi chivindikiro pamodzi, pa kukula kwenikweni kwa banner, osati chithunzi chonse chochepetsedwa. Golide wa chivindikiro ndi winanso amene amavuta pa inki, muone ngati sanapite kobiriwira.